Nyani, pusi ndi nchima: yankho kwa aphunzitsi a ku Ntchisi

Ndalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena a pulayimale m'boma la Ntchisi. Akuti ana a sitandade 6 anatsutsana m'kalasi mpaka belu kulira. Ena ati nchima ndi pusi wokalamba amene ubweya wake wada, ena ati pusi ndi mwana wa nyani. Mwana wina anabwera ndi chithunzi cha nyani wolendewera kunthambi ndi mchira wokha, n'kufunsa ngati wotereyu alimo m'nkhalango ya Ntchisi. Kumapeto kwenikweni aphunzitsiwo anawonjezera funso lina: kholo lina lagwira kamwana ka pusi kumunda, ndipo likufuna kukapereka kusukulu kuti ana aziphunzirirapo. Kodi alandire?

Zikomo aphunzitsi. Ndiyamba ndi mkangano wa anawo, chifukwa mukamva mmene nyamazi zimakhalira, funso la kamwana ka pusi silivutanso kuyankha.

Nyani, pusi ndi nchima ndi nyama zitatu zosiyana. Pusi ngakhale akalambe bwanji adzafa ali pusi. Zitatuzi n'zapachibale, inde, koma zinagawana dziko: nyani anatenga pansi, nchima inatenga pamwamba pa mitengo ya m'nkhalango yowirira, pusi anakhala pakati, mwendo wina pansi wina mumtengo.

Nyani amene timamuona ku Liwonde, ku Kasungu, ku Nkhotakota kapena m'miyala ya ku Cape Maclear ndi wa ubweya wotuwa mopita kuchikasu, wamiyendo itaaitali ndi mphuno yotalika. Wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 20, wamkazi amakhala pafupifupi theka lake. Tsiku lonse gulu limayenda pansi, makilomita angapo, likutola chilichonse chodyeka: nkhuyu, bwemba, masuku, njere za udzu, ziwala, mazira a mbalame, ngakhale zinkhanira. Wamphongo akapeza mwana wa nswala atabisala mu udzu, amamudya. M'chilimwe zipatso zikasowa amakumba mizu, ndipo luso limeneli ndilo limamulola kukhala m'malo ouma amene nchima singathe kukhalamo. Dzuwa likamalowa gulu limakwera mitengo italiitali kapena matanthwe kuthawa nyalugwe, ndipo amagona chokhala. Zikundu zija akuluakulu amati anyani sasekana, ntchito yake ndi imeneyo: chikopa cholimba chokhalira panthambi usiku wonse osamva kuwawa.

Chimene chimandikoka mtima pa nyani si chakudya chake koma mudzi wake. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, akatswiri akhala akutsatira magulu a anyani a mtundu wathu womwewu kuyambira 1971, pamene Jeanne Altmann ndi Stuart Altmann anayamba ntchitoyi, ndipo amadziwa nyani aliyense ndi mzere wa makolo ake. Anapeza kuti akazi amafera m'gulu limene anabadwira, pamodzi ndi amayi awo, abale awo ndi ana awo. Amuna akakula amachoka n'kukalowa gulu lina kumene alibe mbale. Ana a ku Ntchisi sangavutike kumva zimenezi, ndi chikamwini chenicheni: mudzi ndi wa akazi, mwamuna ndi wobwera, ndipo ayenera kudzipezera yekha malo. Wamkazi amatengera udindo wa mayi ake. Mwana wa mayi wolemekezeka amadya poyamba ndi kumwa poyamba, ngakhale akhale wochepa thupi. Ubale wonsewu amausunga posakana nsabwe. Mukaona awiri atakhala pansi wina akupenda ubweya wa mnzake, musaganize kuti ndi ukhondo chabe, pamenepo akumanga chibwenzi chimene chidzawathandize tsiku la ndewu.

Pusi ndi wamng'ono, wa nkhope yakuda yozunguliridwa ndi ubweya woyera, thupi lotuwa, mchira wautali. Wamphongo wamkulu amadziwika ndi mtundu wa buluu kumaliseche, ndipo ana anu akanena zimenezi m'kalasi musawakalipire, anaona bwino. Pusi safuna nkhalango yowirira. Amafuna mitengo yogonamo ndi madzi pafupi, n'chifukwa chake amakonda m'mbali mwa mitsinje, m'mphepete mwa nyanja, ndipo masiku ano m'minda ndi m'malo ogona alendo. Iye ndi nyani ali ndi matumba m'masaya. Akalowa m'munda wa chimanga amalonga msangamsanga n'kukatafunira patali. Aliyense amene analonderapo mondokwa ali mwana akudziwa liwiro lake.

Pa pusi pali nkhani imodzi imene ndikufuna muwafotokozere anawo bwinobwino. Mu 1980, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler analemba zimene anapeza ku Amboseli komweko: apusi ali ndi kulira kosiyana pa mdani aliyense. Kulira kwa nyalugwe kukamveka, onse amathamangira mumtengo. Kwa chiwombankhanga, amayang'ana kumwamba n'kulowa m'zitsamba, chifukwa kukwera mtengo pamenepo n'kudzipereka. Kwa njoka, amaimirira ndi miyendo iwiri n'kumayang'ana mu udzu. Akatswiriwo anajambula mawuwo n'kuwaulutsa pa sipika yobisika popanda mdani aliyense, ndipo apusi anachita monga mawuwo akunenera. Komanso anaona kuti tiana timalakwitsa. Kamwana kamatha kukuwa kulira kwa chiwombankhanga kataona mbalame wamba, ngakhale tsamba likugwa. Kamafika podziwa mbalame yoopsa yeniyeni pokula pakati pa akuluakulu. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Nchima ndiyo ya kwanu kwenikweni. Ubweya wake ndi wakuda motuwira, masaya odzaza ubweya, ndipo simatsika pansi kawirikawiri. Imapezeka m'nkhalango za mitengo yosayoyola masamba: ku Ntchisi, paphiri la Zomba, ku Mulanje, m'tinkhalango ta ku Nyika, komanso m'ziyangoyango za ku Lengwe. Gulu lake limakhala la zazikazi ndi ana, ndi yamphongo yaikulu nthawi zambiri imodzi yokha, imene kulira kwake kumamveka patali m'mawa. Imadya zipatso, masamba anthete, maluwa ndi tizilombo, ndipo njere za zipatsozo imakazitaya kwina, motero imadzala nawo nkhalango imene ikukhalamo. Mwa zitatuzi, ine ndimadera nkhawa nchima. Mitengo ikatha, nyani ndi pusi amasamukira kumunda kwa munthu n'kuyamba kutukwanidwa, koma amakhalabe ndi moyo. Nchima ilibe kopita. Phiri likametedwa ndi owotcha makala, nchima za pamenepo zimangotha mwakachetechete, popanda wodandaula kwa amfumu.

Mwina wina m'kalasimo atchula changa. Changa ndi wachibale wapatali, si nyani. Amayenda usiku, ali ndi maso aakulu, amadya utomoni, zipatso ndi tizilombo, ndipo amalira ngati khanda.

Tsopano chithunzi chija. Nyani wolendewera ndi mchira kulibe ku Ntchisi, kulibe m'Malawi, kulibe mu Africa monse ngakhalenso ku Asia. Mchira wogwira nthambi uli ndi anyani ena a ku Central America ndi South America okha, monga spider monkey ndi howler monkey. Kunsonga kwa mchira wawo, mbali ya pansi, kulibe ubweya, kuli chikopa chogwira ngati cha m'dzanja. Howler amadya masamba ambiri n'kumakhala nthawi yaitali akupuma, koma kubangula kwake kumamveka makilomita angapo. Komweko kuli pygmy marmoset, nyani wochepetsetsa padziko lonse, wolemera magalamu 100 ndi pang'ono, amene amaboola makungwa ndi mano n'kumanyambita utomoni. Anyani a mtundu wa marmoset amakonda kubereka mapasa, ndipo bambo ndiye amabereka anawo kumsana nthawi zambiri. Ku Serra da Capivara m'dziko la Brazil, anyani a capuchin amaswa nthanga zolimba ndi miyala, ndipo ofukula pansi anapeza miyala yawo ya zaka pafupifupi 3,000. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti makolo a anyani onsewa anachokera ku Africa kuno zaka zoposa 30 miliyoni zapitazo, atakokoloka pa mitengo yoyandama n'kuwoloka nyanja ya Atlantic, imene nthawiyo inali yocheperapo.

Ku Asia ndingotchulako pang'ono. Macaque wa ku Japan amakhala kumpoto kuposa nyani wina aliyense, kumene kumagwa chipale chofewa, ndipo ku Jigokudani amalowa m'madzi otentha a kasupe kuthawa kuzizira. Pachilumba cha Koshima, mu 1953, kamkazi kena kamene akatswiri anakatcha Imo kanayamba kutsuka mbatata m'madzi kasanadye, ndipo anzake ndi abale ake anatengera. Rhesus macaque wadzaza m'mizinda ya ku India, ndipo dzina lake amayi ambiri analimvapo kusikelo osadziwa: gulu la magazi la Rhesus linatchedwa choncho chifukwa kafukufuku wake, cha m'ma 1940, anagwiritsa ntchito magazi a nyani ameneyu. Ku Borneo kuli proboscis monkey wa chimphuno cholendewera, katswiri wosambira. Ku Europe anyani a m'tchire ali pamalo amodzi okha, pathanthwe la Gibraltar. Ku Australia kulibiretu, ndipo ku Madagascar kuli ma lemur, achibale a changa, koma anyani ayi.

Kuno ku Africa mitundu ndi yambiri kuposa itatu yathuyi. M'mapiri a Simien ku Ethiopia muli gelada, amene amakhala pansi tsiku lonse akubudula udzu, m'makamu a mazanamazana. Ku Gabon kuli mandrill wa nkhope yofiira ndi yabuluu, wamkulu kuposa anyani onse. Colobus alibe chala chachikulu chenicheni, ndipo mimba yake ndi yogawika zigawo kuti igaye masamba. Colobus wofiira wa ku Zanzibar amadya makala, amene amamuthandiza kuchepetsa ululu wa m'masamba a mango ndi mitengo ina. Chimpanzi ndi gorila musawaike m'gulu limeneli, iwo alibe mchira ndipo ali pafupi ndi ife kuposa ndi pusi. M'Malawi mulibe. Achimpanzi a m'tchire apafupi ndi ife ali m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, monga ku Mahale ndi ku Gombe. Ku Gombeko n'kumene katswiri wa achimpanzi Jane Goodall anayamba ntchito yake mu 1960.

Tibwerere ku kamwana ka pusi kaja. Aphunzitsi, musalandire.

Mayi wa pusi sasiya mwana wake wamoyo. Kamwana kakapezeka m'manja mwa munthu, nthawi zambiri mayi waphedwa ndi agalu, msampha kapena mwala. Ndikumvetsa mkwiyo wa mlimi amene chimanga chake chatha, sindikumuweruza. Koma sukulu ikalandira kamodzi, ana adziwa kuti tiana ta pusi tili ndi kopita, ndipo chaka chamawa mudzalandira tiwiri.

Ndipo anawo adzaphunzirapo chiyani? Zonse ndafotokoza pamwambapa, kulira kwa nyalugwe, udindo wotengera kwa mayi, kusakana nsabwe, kudziwa mtengo umene ukupsa mwezi uno, zimachitika m'gulu. Kamwana komangidwa chingwe m'chiuno kuseri kwa ofesi sikadzaonetsa chilichonse mwa izi. Kadzangokhala kakudzikumbatira ndi kudziluma. Kakadzakula, mano ake adzatalika ndipo kadzayamba kuluma, poyamba ana aang'ono. Pamenepo anthu amakapha kapena kukataya kutchire, kumene sikadziwa chakudya, sikadziwa mdani, ndipo sikaopa munthu, ndiye kamabwerera m'makhitchini.

Palinso matenda. Chifukwa matupi athu ndi ofanana, timapatsirana mosavuta TB ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo bala la kulumidwa ndi nyama yakutchire limafuna kuchipatala tsiku lomwelo poopa chiwewe. Matenda oopsa a Marburg, ofanana ndi Ebola, anadziwika koyamba mu 1967 ku Germany, pakati pa anthu ogwira ntchito ndi apusi ochokera ku Uganda. Kupatsiranaku kumapitanso mbali inayo. Katswiri wina, Robert Sapolsky, anaona gulu la anyani ku Kenya, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, limene amphongo ake olusa ankakadya kudzala la malo ogona alendo. Anadya nyama ya TB n'kufa ambiri. Chakudya cha anthu sichikomera nyamazi, ndipo ku Cape Town, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, mzinda umachita kulemba alonda othamangitsa anyani ozolowera mabini kuti asalowe m'nyumba.

Lamulo nalonso silikulolani. Kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017. Chimene mungachite ndi kudziwitsa a dipatimenti yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre, amene amalandira apusi ndi anyani amasiye, kuwayeza matenda, kuwalowetsa pang'onopang'ono m'gulu la anzawo, ndipo magulu ena amadzawabwezera kutchire. Ndi ntchito yotenga nthawi yaitali, ndipo imayenda bwino kamwanako kakafika msanga kasanazolowere anthu. Podikira, kholo lija likasunge pamalo otentha ndi opanda phokoso, kutali ndi agalu, ndipo ana asakagwire.

Za phunzirolo, muli ndi mwayi umene masukulu a m'tauni alibe. Pemphani chilolezo kwa a zankhalango, mutenge anawo m'magulu ang'onoang'ono m'mamawa, mukakhale chete pafupi ndi mkuyu umene ukupsa. Asatenge chakudya m'manja. Aliyense akhale ndi kope, alembe mtundu wa nkhope, kutalika kwa mchira, ngati nyamayo ili pansi kapena m'mwamba, ndi chimene ikudya. Aja amati nchima ndi pusi wokalamba muwapatse ntchito yapadera: akafufuze kamwana ka nchima kali pamimba pa mayi wake, adzakuuzeni ngati nkhope yake ili ya pusi.