Ekisitenshoni yasungunuka: kodi inali yabodza?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo kufunsa chifukwa chimene ekisitenshoni yomwe anagula pamsika inasungunukira atangolumikizapo ketulo, komanso momwe angazindikirire yabodza asanatulutse ndalama.

Mayi, chinyengo cha zipangizo zoterezi chimabisala mkati mwa chingwe. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoloti 230, choncho ekisitenshoni yolembedwa 13A (kuchuluka kwa magetsi omwe inganyamule) imayenera kupirira mawati pafupifupi 3,000, ndipo ketulo ya mawati 2,000 siyenera kuisungunula. Koma opanga zachinyengo amachepetsa kopa n'kuchulutsa pulasitiki wakunja kuti chingwe chioneke chonenepa, pomwe ena amaikamo aluminiyamu kapena chitsulo chongopakidwa kopa pamwamba. Waya wotere amatentha msanga, pulasitiki n'kufewa, mawaya n'kukhudzana, moto n'kubuka.

Musanataye yomwe yapsayo, izuleni kukhoma, mudule chingwe chake, mupale waya ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka mkati, pomwe wopakayo amayera mukangomupala, ndipo akamamatira ku maginito dziwani kuti ndi chitsulo. Muwerengenso mawayawo, chifukwa ayenera kukhala atatu: wabulauni, wabuluu, ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu amene amapititsa magetsi pansi chipangizo chikawonongeka. Zabodza zambiri zimakhala ndi awiri okha ngakhale pulagi ili ndi mano atatu, ndipo kwa ine ichi ndicho choopsa kwambiri, popeza munthu wogwira ketulo yachitsulo amakhala wopanda chomuteteza.

Pogula, yang'anani pulagi. Mano awiri aafupiwo ayenera kukhala okutidwa ndi pulasitiki patsinde, ndipo mkati muyenera kukhala fyuzi yolembedwa BS 1362, yomwe imakhala ndi mchenga wozimitsa moto fyuzi ikamapsa. Zolembazolemba pabokosi musazikhulupirire kwambiri, pakuti zizindikiro zosonyeza kuti katundu ndi wovomerezeka, monga BS 1363 kapena CE, aliyense angasindikize. Kupepuka kwa chingwe m'manja ndi mtengo wotsika mokayikitsa zimanena zambiri. Pemphani lisiti, kuti mukapeza chinyengo mukhale ndi umboni wopita nawo ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu.

Ketulo, ayironi ndi hotipuleti muzizilumikiza ku soketi yapakhoma, osati pa ekisitenshoni. Ngati soketi yanuyo yada kapena ikununkha chopserera, itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, adzaisinthe musanaigwiritsenso ntchito.