Ghana inazipeza kuti ndalama za sekondale yaulere?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Akufunsa kuti: "Kodi a ku Ghana anatha bwanji kuchotsa fizi m'makalasi omaliza a sekondale, nanga chinawakankha n'chiyani?"

Aphunzitsi, nkhaniyi inayambira ku pulayimale. Mu 2005 boma la Ghana linayamba kupereka ndalama ku sukulu pa mwana aliyense kuti makolo asamalipiritsidwe. Ana anadzaza m'makalasi, ngati mmene zinakhalira kwathu kuno mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale. Anawo atakula ndi kukhoza mayeso a BECE, olowera m'makalasi omaliza a sekondale, ambiri ankasankhidwa koma n'kukhala pakhomo chifukwa cha ndalama. Sukulu zambiri za kumeneko ndi zogonera konko, ndiye fizi yake siinali ya masewera. Komanso popanda satifiketi ya WASSCE, yomalizira sekondale, mwana saloledwa ku yunivesite, ku unamwino kapena ku koleji ya uphunzitsi. Kholo lolima koko linkadziwa bwino kuti ntchito ya malipiro a pamwezi ili kuseri kwa pepala limenelo.

Zina mwa ndalama zake zinachokera m'nyanja. Mafuta anapezeka pamalo otchedwa Jubilee mu 2007, ndipo anayamba kuwapopa mu Disembala 2010. Pamene pulezidenti wa nthawiyo, a Nana Akufo-Addo, ankakhazikitsa Free SHS, ndondomeko ya sekondale yaulere, mu Seputembala 2017, gawo la ndalama za mafutazo ndilo linathandiza kulipira fizi, mabuku, malo ogona ndi chakudya. Ndale zinalipo ndithu, lonjezo limeneli analiimba pa kampeni kangapo.

Koma makalasi samangika usiku umodzi. Pofika 2018 ana anachuluka moti anawagawa m'magulu awiri, lina likakhala pasukulu lina lili kunyumba, n'kumasinthana.

Ine chimene chimandivuta n'chakuti ulerewo unagwera aliyense, mwana wa nduna ndi mwana wa wogulitsa nsomba chimodzimodzi. Ngakhale nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Ken Ofori-Atta, inanenapo poyera kuti anthu opeza bwino ngati iwo akanamalipira. Ndalama zambiri zimathera pa mphika wa ana ogonera pasukulu, ndipo chuma chitagwedezeka mu 2022, sukulu zina zinasowa chakudya. Mu Disembala chaka chomwecho Ghana inaimitsa kubweza ngongole zake zambiri zakunja, ndipo mu 2023 inalandira ngongole ya IMF ya pafupifupi madola 3 biliyoni. Sukulu yaulere siyokha inabweretsa vutoli ayi, koma boma lotsatira la a John Mahama silinayerekeze n'komwe kuichotsa.