Kamera kapena makina osokera?

Achemwali ena andilembera kuti amasoka madiresi a ukwati komanso amajambula zithunzi, ndiye abale awo akuwauza kuti asankhe chimodzi, poti mapanga awiri avumbwitsa.

Achemwali, kalata yanu yanditsitsimutsa chilonda. Mwambi womwewo anandiponyera ine malume anga, ndipo ndinawamvera. Ndinagulitsa makina anga osokera nkutsala ndi kamera. Mpaka lero ndikamajambula mkwatibwi, diso langa limathamangira pamapewa pomwe telala sanagwire bwino, manja nkumandiyabwa. Ndimakonza ndi mapini mwamsangamsanga, koma mtima umawawa ndithu.

Ndikanamudziwa Cecil Beaton nthawi imeneyo, sindikanagulitsa. Mngelezi ameneyu anabadwira ku London mu 1904, ndipo anamuphunzitsa kujambula ndi mayi wantchito amene ankamulera. Beaton ankaveka azichemwali ake, Nancy ndi Baba, nkuwakonzera malo okongola kumbuyo, kenako nkujambula. Mwaona? Kuveka ndi kujambula zinayambira pamodzi. Anagwira ntchito ku magazini ya Vogue, anajambula Mfumukazi Elizabeth II tsiku lomwe ankavekedwa ufumu mu 1953, ndipo zovala zomwe anakonza m'mafilimu a Gigi ndi My Fair Lady zinamupezetsa mphotho za Oscar. Ndani akanalimba mtima kumuuza kuti asankhe chimodzi?

Sindikumuyeretsa ayi. Mu 1938 Vogue ya ku America inamuchotsa ntchito chifukwa cholemba mawu onyoza Ayuda pachojambula chake, ndipo anayenera kuchotsedwa. Chomwe chimandikhudza nchakuti pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anajambula kamtsikana ka zaka 3 kali m'chipatala, mutu uli m'mabandeji, katakumbatira kachidole. Chithunzicho chinatuluka pachikuto cha magazini ya Life mu 1940. Munthu wozolowera silika ndi ngale anadziwanso kuona mwana wovulala ndi mabomba. Ndipo atagwidwa sitiroko mu 1974, dzanja lamanja litafa, anaphunzira kugwiritsa ntchito lamanzere.

Nchifukwa chake ndikukana. Abale anu amakukondani, koma apa alakwitsa. Si mapanga awiri amenewo, ndi diso limodzi.

Tsono muchite chiyani?

Musagulitse chilichonse. Mkwatibwi akabwera kudzasoketsa diresi, muuzeni mtengo wa diresi ndi zithunzi pamodzi. Kungoti diresi lizitha sabata imodzi ukwati usanachitike, kuti Loweruka m'mawa mugwire kamera, osati singano.