Damu lalikulu ndi madimba a m'mbali mwa Ruo

Achimwene a ku Thekerani, mwafunsa ngati damu lalikulu lingasinthe dimba lanu la m'mbali mwa mtsinje wa Ruo. Inde, damu lalikulu likamangidwa kumtunda kwa Ruo, dimba lanu lidzasintha ndithu. Dothi lachonde limene madzi osefukira amasiya m'madimba limatsakamira kuseri kwa khoma. Kumunsi kumangofika madzi oyera, amene amakumba magombe. Ine ndimalima m'mbali mwa mtsinje, ndipo popanda dothi limenelo, ndiye kuti feteleza wogula basi. Nsomba zokwera mtsinje kukaswana nazonso zimatsekeredwa njira.

Okhala kumtunda ndiye amasamutsidwa kumene. Pomanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi m'ma 1950, Atonga a ku Zambia ndi Zimbabwe oposa 50,000 anachotsedwa m'midzi yawo.

Akadzabwera oyeza malo, musasaine pepala la chipukutamisozi musanaonane ndi loya kapena a zamalo ku ofesi ya DC ku Thyolo.