Funsani za Kompyuta: Buku la eni chinthu likhale limodzi

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa chaka chachiwiri pa koleji ina kuno ku Lilongwe, ndipo tikuphunzira C++. Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba tokha class ya smart pointer yomwe iziwerenga ma pointer (zosungira adiresi ya chinthu mu memory) oloza chinthu chimodzi, n'kuchifufuta chinthucho womaliza akachoka. Ndaika nambala ya int m'kati mwa class ndipo ndalemba copy constructor (gawo lopanga pointer yatsopano pokopera ina) yoiwonjezera, koma ndikangolemba c = a, pulogalamu imagwa pomaliza ndi uthenga wakuti "double free" (kufufuta chinthu chimodzi kawiri). Ndikulakwitsa pati? Nanga tikuvutikiranji pomwe shared_ptr, class ya C++ yochita zomwezi, ilipo kale?
Wophunzira, Area 25

YANKHO: Achemwali, zikomo pofotokoza bwino vuto lanu, chifukwa mwandisonyeza penipeni pamene pali bala. Zolakwika zilipo ziwiri, ndipo chachikulu ndi malo omwe mwasungapo nambala.

Taganizirani gulu la banki m'khonde. Buku lolembamo ndalama limakhala limodzi la gulu lonse, ndipo membala aliyense akanakhala ndi lakelake, tsiku logawana pakanabuka mkangano. Inu mwapatsa pointer iliyonse buku lake. Mukapanga pointer yotchedwa a, nambala yake imakhala 1. Mukapanga b pokopera a, ya b imafika 2 koma a sadziwa kanthu, choncho a akayamba kuchoka amatsitsa nambala yake kufika pa 0 n'kufufuta chinthu chomwe b akuchidalirabe. Mankhwala ake ndi kusunga int*, yomwe ndi adiresi ya nambala, m'malo mwa int. Constructor ipange nambala ndi new int(1), ndipo pokopera muzipatsirana adiresi ya nambala yomweyo, kuti onse aziwerenga ndi kulemba m'buku limodzi. Destructor, gawo lomwe limaitanidwa pointer ikamachoka, itsitse nambalayo ndi 1, ndipo ikafika pa 0 ifufute chinthucho pamodzi ndi nambala yomwe, pakuti nayonso munaipanga ndi new. Ambiri amaiwala gawo lomalizali.

Koma chomwe chikugwetsa pulogalamu yanu lero ndi chachiwiricho. Mzere wa c = a suitana copy constructor ayi, umaitana operator=, gawo lokopera mu pointer yomwe ilipo kale, ndipo popeza simunailembe, compiler yakulemberani yake yomwe imangokopera zam'kati momwe zilili. Zotsatira zake c ndi a onse ali ndi nambala 1, onse akudziyesa omaliza, onse akuchita delete pa chinthu chimodzi, pomwe chinthu chakale chomwe c ankaloza chatayika mu memory popanda wochifufuta. N'chifukwa chake a C++ amaphunzitsa kuti ukalemba chimodzi mwa zitatu izi, destructor, copy constructor ndi operator=, uyenera kulingalira zonse zitatu.

Polemba operator= samalani ndondomeko. Yambani ndi kuwonjezera nambala ya wakumanja kwa chizindikiro cha =, kenako tsitsani yanu yakale n'kufufuta ngati yafika pa 0, ndipo pomaliza tengani ma adiresi atsopanowo. Mukayamba ndi kutsitsa, tsiku lomwe wina adzalembe a = a mudzafufuta chinthu musanachigwire. Mudzanena kuti palibe wanzeru angalembe zimenezo, koma zimachitika mosadziwa pamene maina awiri akuimira pointer imodzi.

Musanakhudze kompyuta, tengani pepala mujambule mabokosi atatu a a, b ndi c, lina la chinthu ndi lina la nambala, muzisuntha mivi mzere ndi mzere. Ine ndimakhulupirira kwambiri pepala pa ntchito imeneyi. Mukatero ikani mawu osindikizidwa mu destructor ya chinthucho, ndipo aoneke kamodzi kokha. Pa compiler ya g++ onjezerani -fsanitize=address, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu yofufuza zolakwika za memory yotchedwa Valgrind, ndipo zidzakuuzani pomwe memory yafufutidwa kawiri kapena yatayika.

Pa funso lanu lomaliza, pantchito mudzagwiritsadi ntchito shared_ptr, yomwe inachokera ku Boost, nkhokwe ya zida zoonjezera za C++, n'kulowa mu C++ yovomerezeka mu 2011, ndipo imawerenga mosamala ngakhale ma thread angapo (magawo a pulogalamu oyenda paokha) akugwira ntchito nthawi imodzi, zomwe int* yanu singathe. Komabe aphunzitsi anu sakukuzunzani. Nzeru yowerenga eni chinthu inafotokozedwa ndi George Collins mu 1960, ndipo Python yomwe ambiri amagwiritsa ntchito imaidalira mpaka lero, choncho mukailemba ndi manja anu mudzamvetsa zomwe zimachitika kuseri kwa zilankhulo zingapo. Class yanu ikayamba kuyenda, pangani zinthu ziwiri zolozana, china kuloza chinzake, n'kuzisiya. Mudzaona kuti mawu a mu destructor sakutuluka n'komwe, chifukwa chilichonse chikusungira chinzake nambala 1. Chimenecho mupite nacho kwa aphunzitsi, muwafunse za weak_ptr, yomwe imaloza chinthu popanda kulembedwa m'gulu la eni ake.