Achemwali, musatuluke m'nyumbamo

Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya bambo a kunyumba. Mwafunsa ngati alamu anu ali ndi mphamvu yokutulutsani m'nyumba ndi kugawana katundu poti malemu sanasiye wilo. Ayi, alibe mphamvu imeneyo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wa malemu, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba monga bedi, mipando ndi ziwiya ndi wanu kuti musunge. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, munthu amatha kupita nawo kundende. Ndipo musaopsezedwe kuti ukwati wanu unali wa chinkhoswe chabe, lamulo la maukwati la 2015 limauzindikiranso.

Nkhaniyi imandiwawa chifukwa ndinaziona ndi maso. Amuna a azakhali anga atamwalira, achibale a malemuwo anawabwerera azakhaliwo ndi lole maliro atangotha, maso akadali otupa ndi kulira. Anazula ngakhale malata a khitchini, ana n'kumagona pa mphasa. Azakhaliwo anangokhala chete poopa kuti anthu aziti ndi mkazi wamwano, wokonda chuma. Mwamuna akafedwa ndani amamulanda mapoto?

Inu musasaine pepala lililonse. Bisani bwino makalata a malo, chiphaso cha imfa ndi mabuku a kubanki, ndipo jambulani katundu yense pa foni. Mawa lomwe pitani ku Victim Support Unit kupolisi, kenako ku ofesi ya DC. Alamu anuwo akapitiriza kukuvutitsani, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Popita kumeneko mutengane ndi ankhoswe a kwanu, musapite nokha.