Mano oyikirira, kwa achemwali amene akuseka atagwira pakamwa

Imelo yanu achemwali ndinaiwerenga Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo ndinaisiya kaye osayankha chifukwa inandikanda pachilonda. Mwati anakuzulani mano atatu akutsogolo chaka chatha, adokotala akuti muyike oyikirira, ndiye mukufunsa ngati amaonekera kuti ndi abodza, ngati munthu amadya nawo bwino, komanso ngati si zamanyazi mtsikana wa zaka 30 kuvala mano a agogo. Dzina sinditchula monga munapempha.

Ineyo ndikulemba panoyu ndili ndi awiri apulasitiki kumwambaku. Eya. Ena a inu takumanapo, tinajambulitsa limodzi, munaona kalikonse?

Anga anapita ndi kabaza. Tinali mu msewu wa fumbi madzulo, ndikuchokera kuntchito, mbuzi inangodumphira kutsogolo, mnyamata uja kugwira buleki, ine ndinangozindikira ndili chafufumimba mkamwa muli mchenga ndi magazi. Dzino lina linathyoka pakati, linalo linachokeratu lonse ndi muzu wake, ndipo ndinaliona ndi maso angawa lili poteropo pa dothi, lalitali modabwitsa, sindinkadziwa kuti dzino limatalika choncho. Mayi wina wogulitsa tomato analikankha ndi phazi nkundiuza kuti musayang'ane mungakomoke. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti dzino la munthu wamkulu likaguluka lathunthu umayenera kuligwira kumutu kwake osati kumuzu, kuliika mu mkaka, nkuthamangira nalo kwa dokotala wa mano ola lisanathe, nthawi zina amalibwezera nkugwiranso. Tsiku lomwe ndinamva zimenezi ndinakhala chete ofesi yonse mpaka anzanga kundifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Langa linatsala pa msewu, mwina nkhuku zinalijompha.

Kuchipatala, sinditchula kuti chiti, mzere unali wautali ndipo nditalowa sipanatenge nthawi, anangoti lothyokali tizule basi. Ine ndi ululu uja ndinavomera msanga. Ndani amakambirana ndi munthu wogwira jakisoni?

Zaka ziwiri ndinakhala ndi magweru. Ziwiri! Anthu amaganiza kuti vuto ndi kudya, ayi, nsima imalowa bwinobwino pambali. Vuto ndi loti umasintha khalidwe osazindikira. Dzanja limangopita lokha pakamwa ukafuna kuseka. Kukwaya ndinasiya ndikunamizira kutanganidwa, pomwe nkhani inali yoti ndikamayimba mpweya umathawira pa mpata paja, mawu ngati fisi kapena sopo amatuluka ndi kalikhweru. Zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga zilipo, aliyense mano ali mbee, ine ndatseka milomo ngati sindinaufune ukwatiwo, mpaka azakhali anandikokera pambali kuti kodi pali nkhani? Ndipo ana saopa. Kamwana ka neba kanandifunsa pagulu kuti anti, inunso anu akudzamera? Anthu anaseka, inenso ndinaseka nditagwira pakamwa, kenako ndinakalira kubafa.

Ndiye chimene chinandichedwetsa chinali chiyani, ndalama? Pang'ono. Koma kwenikweni anali abambo anga, mzimu wawo uwuse mumtendere. Iwo anali ndi akumwamba onse oyikirira, ndipo ndikukula ndinkawaona usiku uliwonse ali mu kapu yachitsulo pawindo, akumwetulira okha m'madzi. Ankandiopsa zedi. Anawavala zaka zoposa 20 osasinthapo, ndipo chakumapeto anayamba kukhwepa, akamapemphera pachakudya mumamva kha kha kha, ife ana kumatsinana pansi pa tebulo. Tsiku lina anagwa pa simenti nkusweka pakati, mdala anangotuma mwana kukagula supa glu pa okala. Anamata, koma anakhota pang'ono, ndipo kukhota kochepa komweko kunawapatsa chilonda chomwe anakhala nacho miyezi akungodya phala ndi nthochi osauza munthu. Ndiye m'mutu mwanga mano oyikirira anali kapu ija, phokoso lija, ukalamba.

Chomwe abambo sanauzidwe, kapena anauzidwa koma sanasamale poti amuna a kale aja, nchakuti dzino likachoka fupa la nsagwada lomwe limagwira dzinolo limayamba kuphwa. Limaphwa kwambiri miyezi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Pulasitiki ndiye siisintha, mkamwa ndi momwe mukusintha. Nchifukwa chake mano omwe ankakwana bwino amadzakhwepa, ndipo amafunika kukawonjezeredwa mkati kuti agwirenso, kapena kupangitsa ena zikatha zaka 5 mpaka 10. Nchifukwa chakenso agogo opanda mano masaya amalowa mkati, chibwano nkumaoneka ngati chikufuna kukumana ndi mphuno.

Apa ndiye ndilankhule zomwe zimandinyansa. Ife tinazolowera kuti dzino likawawa mankhwala ake nkuzula. Timayamba ndi panado, kenako mchere, kenako wina akuuza za madzi a batire kapena mafuta a buleki, inde anthu amathira zimenezo mkamwa, ndipo pofika kuchipatala tsaya latupa ngati wabisa mango, palibenso choti apulumutse. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 ndiye timaona ngati ndi ambiri, kuchotsa limodzi nchiyani. Koma ukachotsa limodzi oyandikana nalo amayamba kupendekera ku mpata kuja, loyang'anizana nalo limatalika poti lasowa mnzake wogundana naye, zakudya zimayamba kutsakamira malo achilendo, basi lina laola. Sindikunyoza ogwira ntchito m'zipatala ayi, munthu mmodzi pabenchi pali anthu mpaka panja, zomatira palibe, atani? Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine, komwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Taganizani, 2019, dzulodzuloli. Zaka zonsezo amene ankanyamula mtolo ndi ma dental therapist, othandiza odwala mano koma osakhala madokotala, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Ndiye musamadzione ngati ndinu nokha, magweru ali mbwee mdziko muno, kungoti tonse tinaphunzira kuseka mobisa.

Komanso amene amakuuzani kuti oyikirira ali ngati mano enieni akukunamizani, ndipo ine bodza limenelo ndimadana nalo kuposa kunyozedwa. Sali ngati enieni. Tsiku loyeza amakuikani kathireyi kodzadza ndi zinthu zangati phala lozizira mkamwa, umamva ngati usanza, misozi kumangotsika, umapuma ndi mphuno mpaka liume. Kenako amakusankhitsa mtundu, ndipo apa mverani ine, musasankhe oyera kwambiri. Ine ndinkafuna oyera ngati a pa TV, bambo wopanga uja anaseka nati mayi, mukufuna anthu aziwaonera kutsidya kwa msewu? Anasankha ofanana ndi anga achikasu pang'onowa, ndipo ndi chifukwa chake palibe amene amadziwa.

Sabata ziwiri zoyamba ndinanong'oneza bondo. Malovu thoo mkamwa, lilime kumangokankha chinthu chachilendo chija, kuyankhula ngati ndamwa. Ndinkawerenga nyuzi mokweza ndekha kuchipinda mpaka lilime linazolowera. Panatuluka kachilonda pa nkhama, ndinabwerera, anapala pang'ono pomwe pamakhula, kutha. Walira mvula walira matope.

Ndipo ndinachitapo manyazi kamodzi, ndikuuzeni kuti museke. Paulendo wa ku Ntcheu basi itaima, ndinagula mondokwa wootcha wotentha bwino, kuiwaliratu kuti ndine munthu wa pulasitiki. Kuluma kamodzi, kukoka, mano anga awiri anatsala pa chimanga atakhala bwinobwino ngati anamera pompo. Bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi anaona zonse. Anayang'ana pawindo mwaulemu mpaka ndinamaliza kubwezera, kenako anati, osatembenuka, angawa ndi anayi mayi, nzimbe ndinasiya kale. Tinaseka mpaka pa Balaka.

Za njira zina mwina adokotala anakuuzani. Pali ya buliji, amapala mano awiri a m'mbali nkumatirira atsopanowo osachotsekanso, koma ine kupala mano abwinobwino kunandiwawa mtima. Pali ma implant, kachitsulo ka titanium komwe amakabooleza mu fupa nkudikira miyezi kuti kagwirane nalo, abwino zedi ndipo amathandiza kuti fupa lisaphwe, koma mtengo wake ndinangoseka nkutsanzika. Amene muli ndi achibale ku Joni kapena ku UK oti angathandize, yesani, ine ndilibe nsanje.

Tsono yankho lake

Ikani achemwali. Pitani kwa munthu wovomerezeka ndi Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala, osati wa kuseri kwa msika. Poti papita chaka chizulireni nkhama zinapola, ino ndi nthawi yabwino. Usiku muzivula nkuika m'madzi ozizira, otentha amawapinditsa, ndipo kugona nawo kumabweretsa matenda a zofiira ndi zoyera mkamwa, makamaka ngati muli ndi shuga kapena chitetezo chotsika. Tsukani ndi mswachi wofewa ndi sopo wamba, kolugeti amawakanda, ndipo muzitsukira pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke. Mano anu otsalawo, makamaka omwe akugundana ndi pulasitikiyo kapena tiwaya togwirira oyikirirawo, atsukeni kuposa kale chifukwa ndi omwe amayamba kuola. Chilonda chikapitirira sabata ziwiri kachionetseni. Supa glu ayi.

Zoti ndi mano a agogo, kapu ilipo ndithu, sindikunamizani. Yanga ndi yapulasitiki yobiriwira yokhala ndi chivindikiro, imakhala kuseri kwa mafuta odzola. Mwana wanga wamkazi anaitsegula tsiku lina ali ndi zaka 4, ndinamva kukuwa kuchipinda, ndipo ndinakumbuka windo la abambo lija mpaka ndinakhala pansi. Pano amandikumbutsa yekha ndikafuna kutuluka m'mawa, amama mwavala? Kukwaya ndinabwerera, ndimaima mzere wakutsogolo. Mondokwa ndimadyabe, kungoti ndimachita kutong'ola ndi chala.